Mmene Makolo Angakonzekere Tsiku Limene Mwana Akulumbira Kulowa Usilikali ku America

Mabanja ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene anakhazikika ku United States ali ndi ana amene amaliza sekondale komweko, ndipo ena mwa anawa akusankha kulowa usilikali, kaya chifukwa chofuna ntchito yokhazikika, kaya chifukwa cha thandizo la fizi ya ku koleji limene asilikali amalandira. Kholo limene linakulira kwathu likamva kuti laitanidwa ku mwambo wa asilikali, maganizo ake amathamangira ku perete ya ku MAFCO ku Salima, kumene kumakhala bandi, akuluakulu a boma ndi chikhamu cha abale ovala zitenje zofanana. Mwambo umene mwana amalumbira asanapite ku maphunziro oyamba a usilikali suli choncho. Umachitikira m'chipinda chimodzi cha mu ofesi ya boma, umatha m'mphindi zowerengeka, anawo amakhala atavala zovala zawo za masiku onse, ndipo ukangotha amatengedwa kupita ku bwalo la ndege. Tsikulo silinakonzedwe poganizira makolo, choncho zonse zimene mukufuna kunena, kufunsa ndi kulongosola muyenera kuzimaliza lisanafike, kuti likafika ntchito yanu ikhale imodzi yokha, yomwe ndi kuima pafupi ndi mwana wanu ndi kumulola kuti anyamuke ndi mtima wokhazikika.

Malumbiro amakhala awiri

Aliyense wolowa usilikali wa dzikolo, kaya ndi ku Army, Navy, Marine Corps, Air Force, Space Force kapena Coast Guard, amadutsa pa malo a boma opimira ndi kulembera olowa usilikali otchedwa MEPS, omwe alipo 65 m'dziko lonselo kuphatikizapo Puerto Rico. Mwana amafikapo maulendo awiri. Pa ulendo woyamba amapimidwa m'thupi ndi madokotala, amaona ntchito zimene angapatsidwe malinga ndi mmene anakhozera mayeso olowera usilikali otchedwa ASVAB, amasaina mgwirizano wake pa fomu yotchedwa DD Form 4, kenako amalumbira. Lumbiro loyambali limamulowetsa m'gulu la odikira kunyamuka, limene amalitcha Delayed Entry Program, ndipo amabwerera kunyumba komwe angakhale masabata angapo, miyezi, ngakhale mpaka chaka chathunthu. Pa ulendo wachiwiri, lomwe ndi tsiku lonyamuka, amalumbiranso, ndipo kuyambira pamenepo ndi msilikali amene ali pa ntchito, womangidwa ndi malamulo a usilikali.

Choncho mwana akakuuzani kuti akukalumbira Lachiwiri, mufunseni kuti ndi lumbiro liti. Ngati kuntchito kwanu angakupatseni tsiku limodzi lokha, ine ndingakulangizeni kuti mulisungire lumbiro lachiwiri, chifukwa ndilo tsiku limene simudzabwerera naye kunyumba. Koma ngati mwanayo akulowa National Guard kapena Army Reserve, magulu a asilikali amene kawirikawiri amagwira ntchitoyo nthawi zina zokha, lumbiro loyamba lomwelo ndilo limamulowetsa m'gulu, ndipo mwina sipadzakhala mwambo wina pa tsiku lonyamuka. Munthu amene angakuuzeni zoona pa zonsezi ndi msilikali wolemba anthu ntchito amene wakhala akuyenda ndi mwana wanu, yemwe mudzamva akumutchula kuti recruiter. Tengani nambala yake ya foni ndipo muzilankhula naye nokha, osati kudzera mwa mwana nthawi zonse, chifukwa wachinyamata amene mtima wake uli kale pa ulendo amaiwala kufunsa zinthu zimene kholo likufuna kudziwa.

Nthawi ya pakati pa malumbiro awiriwa ndiyo yanu

Mafunso onse olemera ayenera kufunsidwa mwana ali kunyumba. Mupempheni kuti akuonetseni mgwirizano umene anasaina ndipo muuwerenge naye limodzi pa tebulo, tsamba ndi tsamba. Chinthu choyamba chimene makolo ambiri sachidziwa ndi chakuti aliyense wolowa usilikali koyamba amadzimanga kwa zaka 8. Mwana akati wasaina zaka 4, akutanthauza zaka zimene adzagwire ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo zotsalazo adzakhala pa mndandanda wa amene angaitanidwenso boma likawafuna. Chachiwiri ndi chakuti lonjezo la pakamwa silimanga boma. Ngati anauzidwa kuti adzaphunzira ntchito ya zachipatala, kuti adzalandira ndalama yapadera polowa, kapena kuti adzayamba ndi udindo wokwererapo chifukwa cha maphunziro ake a ku koleji, zimenezo ziyenera kuoneka zolembedwa m'mapepalawo. Mukapeza kuti chimene mwana akunena sichikupezeka, aimbire recruiter sabata yomweyo, chifukwa kukonza cholakwika pa tsiku lonyamuka, mabasi akudikira panja, kumavuta kwambiri.

Mwana wa zaka 17 sangalowe usilikali popanda makolo kusaina chilolezo, ndipo kawirikawiri amafuna makolo onse awiri pokhapokha ngati khoti linapereka mwanayo m'manja mwa kholo limodzi. Ngati bambo kapena mayi ali ku Lilongwe kapena ku Chipata, nenani zimenezi msanga kuti akuuzeni mmene chilolezocho chingapezekere. Mwana amene wakwanitsa zaka 18 amasaina yekha, ndipo ngakhale inu simunagwirizane nazo, lamulo lili kumbali yake. Ngati muli ndi nkhawa zenizeni, ziuzeni poyera m'masabata amenewa, pamene mwana akhoza kusintha maganizo ndi kupempha kuti amuchotse m'gulu la odikira. Akalumbira kachiwiri khomo limenelo limatsekeka, ndipo mawu omubweza mtima amene mungalankhule m'chipinda chodikirira sangamuthandize kanthu, angomulemetsa pa ulendo.

Pa nkhani ya matenda, musamulangize kubisa kanthu. Kuyambira mu 2022 madokotala a ku MEPS amagwiritsa ntchito makina otchedwa MHS Genesis, amene amatha kuona mbiri ya odwala ndi mankhwala amene analembedwa m'zipatala zambiri za dzikolo. Zimene zinachitika mwana ali wamng'ono kumudzi, monga opaleshoni, mphumu kapena kugonekedwa m'chipatala, mwina sizingaoneke m'makinawo, komabe ayenera kuzinena, ndipo ngati kabuku kake ka kuchipatala mudakali nako, kapezeni. Mavuto ambiri a m'thupi akanenedwa poyamba amaunikidwa, ndipo ena amakhululukidwa mwa chilolezo chapadera, pamene vuto lobisidwa likatulukira mwana ali pakati pa maphunziro angathe kubwezedwa kunyumba ndi mbiri yakuti ananama polowa.

Kwa mabanja amene mwana sali nzika ya dzikolo, dziwani kuti amaloledwa kulowa usilikali ngati ali ndi green card, koma lumbiro la usilikali silimupatsa unzika. Unzika uli ndi njira yakeyake: akuluakulu ake a usilikali amasaina fomu N-426 yotsimikizira kuti akutumikira bwino, iye amatumiza fomu N-400, ndipo asilikali salipira ndalama yofunsira. Ntchito zina, makamaka zokhudza zinsinsi za boma, zimafuna munthu amene ndi nzika kale, choncho musadabwe ngati mndandanda wa ntchito zimene anapatsidwa unali waufupi kuposa wa mnzake amene anakhoza mofanana naye.

Kutsanzikana kuchitike kunyumba

Kwathu munthu sanyamuka ulendo wautali popanda abale kusonkhana, akuluakulu kupereka malangizo ndi abusa kupemphera. Zonsezi ndi zoyenera, koma malo ake si ku MEPS. Konzani chakudya cha banja kutatsala masiku awiri kapena atatu, itanani a mumpingo ndi anansi, imbirani agogo pa WhatsApp kuti amudalitse mwana ndi mawu awo, ndipo amene akufuna kulira alire pamenepo momasuka. Usiku wotsiriza sudzakhala wanu, chifukwa ambiri onyamuka amagonekedwa ku hotela imene boma limalipira pafupi ndi MEPS, kumene kumakhala nthawi yoikika yolowera m'zipinda ndi lamulo loletsa mowa, ndipo amadzutsidwa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kuti akwere basi. Malo ena amalola makolo kutenga mwana kukadya naye chamadzulo bola abwerere nthawi isanakwane, ndipo ili ndi funso linanso loti mufunse recruiter. Pa phwando lotsanzikanalo pasakhale chilichonse chimene chingaoneke m'magazi kapena mumkodzo, ndipo anyamata asapite kukasewera mpira wa chibwana umene ungathyole mwendo, pakuti m'mawa wa tsiku lonyamuka madokotala amamuonanso mwachidule, amamuyeza sikelo, atsikana amayezedwa ngati ali ndi pakati, ndipo chilichonse chatsopano chikhoza kuimitsa ulendo.

Mtima wa mayi umafuna kulongedza kamba wa paulendo, mtedza wokazinga, mandasi, bulangete ndi juzi yokhuthala. Zonsezi zisiyeni. Mwana amanyamula kachikwama kamodzi kokhala ndi zovala zosinthira tsiku limodzi kapena awiri, mswachi, sopo, chiphaso chake, khadi la Social Security, green card ngati ali nayo, magalasi a maso ngati amavala, ndalama zochepa za m'thumba, foni ndi chaja yake. Gulu lililonse lili ndi mndandanda wake wa zololedwa, ndipo umenewo ndiwo muutsatire osawonjezera kanthu, chifukwa chakudya ndi katundu wosaloledwa amatayidwa kapena kulandidwa akangofika. Baibulo kapena Korani yaing'ono imaloledwa. Chinthu chaphindu chimene mungamuikire ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja kokhala ndi maadiresi ndi manambala a foni a anthu a m'banja, popeza foni yake idzasungidwa ndi akuluakulu kwa nthawi yaitali ndipo ana a masiku ano sasunga manambala pamtima. Anyamata adzametedwa mpala akangofika, choncho palibe chifukwa chopita kometetsa. Atsikana aluke tsitsi losavuta, la mizere yogona pamutu, lopanda mikanda ndi mitundu yowala, loti chipewa ndi chisoti chachitsulo zikhale bwino komanso loti likhalitse masabata angapo popanda woliluka.

Malipiro a msilikali amalowa mwachindunji ku banki, motero mwana akhale ndi akaunti ya dzina lake ndipo anyamule manambala ake. Ngati ali ndi ngongole ya galimoto kapena bilu ya foni, gwirizanani za amene azilipira iye kulibe. Adzafunsidwanso kulemba pa fomu DD Form 93 anthu oti adziwitsidwe pakagwa zadzidzidzi, komanso kutchula olandira ndalama za inshulansi ya moyo ya asilikali yotchedwa SGLI, imene imafika madola 500,000. Nkhani imeneyi ndi yowawa kuikamba ndi mwana wa zaka 18, ndipo mwa chikhalidwe chathu ambiri amaona ngati kuikamba ndi kuitana tsoka, koma ndi bwino kuti aiganizire ali nanu kusiyana ndi kuti adzadzidzimuke nayo ali pamzere, wotopa, wina akumufulumiza. Mupatseni maina anu monga alili pa ziphaso, masiku obadwa ndi adiresi yolondola, ndipo chisankhocho mumusiyire mwini wake.

Kulowa pa chipata

MEPS ndi malo a boma ndipo ena ali mkati mwa misasa ya asilikali, monga ya ku New York yomwe ili ku Fort Hamilton ndi ya ku Baltimore yomwe ili ku Fort Meade. Mlendo aliyense wamkulu amafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi, ndipo kuyambira pa 7 May 2025 malo a boma ngati amenewa amayembekezera laisensi ya mtundu wa REAL ID kapena chiphaso china chovomerezeka monga pasipoti kapena green card. Ngati agogo kapena azakhali abwera kudzacheza ndi pasipoti ya Malawi, mudziwitseni recruiter kudakali masabata, chifukwa misasa ya asilikali imaunika alendo a mayiko ena mwa njira yotenga nthawi. Ngati m'banjamo muli wina amene mapepala ake okhalira m'dzikolo sali bwino, asangopita pa chipata mwachimbulimbuli, koma ayambe wafunsa loya wodziwa za olowa ndi otuluka. Mwana angakonde kuti kholo lake liphonye mwambo wa mphindi zochepa kusiyana ndi kuti lilowe m'mavuto chifukwa cha iye.

Chiwerengero cha alendo chimasiyana malo ndi malo, ndipo chimasintha. M'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa COVID-19, alendo analetsedwa kulowa, ndipo malo angapo anayamba kuonetsa miyambo yawo pa Facebook. Funsani ngati MEPS yanu imachitabe zimenezo, chifukwa ndi njira yabwino yoti abale a kumudzi aonere. Powauza nthawi kumbukirani kuti 10 koloko m'mawa ku New York kapena ku Indianapolis ndi 4 koloko madzulo ku Malawi m'miyezi ya chilimwe cha kumeneko, ndipo ndi 5 koloko m'miyezi yozizira. Ngati aloleza alendo awiri okha, musafike ndi galimoto zitatu poganiza kuti alonda akumverani chisoni, ndipo nkhani ya amene alowe muithetse kunyumba mwana atanena yekha amene akuwafuna, makamaka ngati makolo anasiyana.

Pa chipata mudzadutsa pa makina ounika zitsulo ngati a ku bwalo la ndege. Siyani m'galimoto kampeni, lumo, mankhwala odzitetezera othira m'maso mwa achifwamba ndi chikwama chachikulu. Valani zovala zaulemu ngati zopita nazo ku tchalitchi kapena ku ofesi, ndipo chovala cha chitenje chosokedwa bwino chimakhala choyenera ndithu. Fikani pa nthawi imene mwauzidwa, ngakhale kuti mudzadikira. Miyambo imachitika kangapo pa tsiku malinga ndi mmene mapepala a gulu lililonse athera, choncho palibe amene angakuuzeni mphindi yeniyeni, ndipo mukatuluka kukagula khofi mukhoza kubwerera mwana atalumbira kale. Idyani musanafike, mwani mankhwala anu a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, ndipo ngati mwabwera ndi ana aang'ono muwatengere chowatangwanitsa chopanda phokoso. M'chipinda chodikirira mwana wanu akhoza kubwera kudzakhala nanu pang'ono, kenako dzina lake limaitanidwa ndipo amanyamuka mwachangu osamaliza chiganizo. Musakhumudwe nazo, ndipo musamutsatire m'makonde kapena kukafunsa ogwira ntchito chifukwa chimene akuchedwera, pakuti kuyambira m'mawa umenewo iye akuphunzira kuyankha kwa anthu ena.

M'chipinda cha lumbiro

Chipindacho chimakhala ndi kapeti, kansanja kakang'ono kutsogolo, mbendera ya dziko ndi mbendera za magulu onse a usilikali. Olumbira amalowa poyamba ndi kuimikidwa m'mizere, amaphunzitsidwa kuima chilili manja ali m'mbali ndi kuima mopumula manja ali kumbuyo, ndipo amakumbutsidwa zigawo 85 ndi 86 za malamulo a usilikali, zimene zimanena za kuthawa usilikali ndi kujomba popanda chilolezo. Makolo amalowetsedwa ndi kuima m'mbali mwa khoma kapena kumbuyo. Kenako mumalowa ofesala wovala yunifolomu, yemwe ndiye wolumbiritsa, ndipo amalankhula mawu ochepa, nthawi zina kufunsa aliyense kumene akupita ndi ntchito imene wasankha, komanso kufunsa ngati alipo amene akukayika.

Akatero amawauza kuti akweze dzanja lamanja ndi kubwereza mawu pambuyo pake. Aliyense amatchula dzina lake lonse, ndipo kwa kamphindi maina onse amamveka nthawi imodzi, la mwana wanu lili pakati pawo. Mawu a lumbiroli ali m'malamulo a dzikolo, Title 10 gawo 502, ndipo tanthauzo lake ndi ili: wolumbira akulonjeza kuchirikiza ndi kuteteza malamulo oyendetsera dziko la United States kwa adani onse, akunja ndi a m'dziko momwemo, kukhala wokhulupirika kwa malamulowo, ndi kumvera zolamula za pulezidenti ndi za maofesala oikidwa pamwamba pake motsatira malamulo a usilikali. Amamaliza ndi kupempha Mulungu kuti amuthandize, ngakhale kuti amene chikumbumtima chake sichimulola kulumbira akhoza kungotsimikiza ndi kusiya mawu otsirizawo. Ndi bwino kuti kholo lione dongosolo la mawuwa: choyamba chimene mwana akulonjeza ndi kukhulupirika ku malamulo oyendetsera dziko, ndipo kumvera anthu kukubwera pambuyo, komanso kuli ndi malire a lamulo. Kwa ife amene tinakula tikumva za asilikali otumikira munthu m'mayiko osiyanasiyana, kusiyana kumeneku kuli ndi tanthauzo, ndipo ndi koyenera kukambirana ndi mwana tsikulo lisanafike.

Lumbiro lenilenilo silipitirira mphindi imodzi kapena ziwiri. Zimitsani kulira kwa foni musanalowe, ndipo gwirizanani kuti mmodzi yekha ndiye ajambule pamene enanu mukuonera ndi maso. Ndimaona kuti ndi kutaya kwakukulu pamene mayi ndi bambo onse awiri akuyang'ana pa galasi la foni, mwana akuwafunafuna ndi diso. Nthungululu ndi kuwomba m'manja zidikire mpaka ofesala atamaliza ndi kuwayamikira. Kujambula kumaloledwa m'chipinda chimenechi chokha, osati m'makonde kapena m'maofesi, ndipo maofesala ambiri amalola banja lililonse kukwera pa kansanja kukajambulitsa pafupi ndi mbendera, nthawi zina mwana atakwezanso dzanja. Chitani zimenezi mwachangu poganizira mabanja ena amene akudikira. Misozi ikabwera musachite nayo manyazi, chifukwa simudzakhala nokha olira m'chipindamo, koma yesetsani kuti mawu otsiriza amene mwana amve kwa inu akhale omulimbitsa, akuti mumamunyadira, kunyumba zonse zili bwino ndipo mudzabwera pa tsiku lomaliza maphunziro.

Akatuluka m'chipindamo amakasaina mapepala otsiriza, amapatsidwa envulopu ya mapepala a ulendo, matikiti ndi makuponi a chakudya cha panjira, ndipo amakwera basi. Ngati akupita pa ndege, mukhoza kupita nokha ku bwalo la ndege ndi kupempha pa kauntala ya kampani ya ndegeyo chiphaso chokulolani kumuperekeza mpaka pa khomo lokwerera. Makampani ambiri amapereka chiphasochi kwa mabanja a asilikali ngati muli ndi chiphaso chanu, ngakhale kuti sakakamizidwa kutero. Nthawi imeneyi ndiyo imakhala yaitali ndi yodekha kuposa yonse ya pa tsikulo, koma funsani mwanayo kaye ngati akufuna, chifukwa ena amakonda kutsanzika kamodzi kokha ndi kuyamba kuzolowerana ndi anzawo a paulendo. Zithunzi zimene mutumize ku magulu a WhatsApp zisaonetse mapepala ake, tikiti yake kapena nambala yake ya Social Security.

Masiku oyamba mwana atapita

Kumene akupita kumadalira gulu lake. A Army amaphunzira pafupifupi masabata 10 ku Fort Jackson, Fort Leonard Wood, Fort Sill kapena Fort Benning, ndipo masiku oyamba amathera pa kulandiridwa, kubayidwa katemera ndi kupatsidwa yunifolomu asanayambe kuwerenga masabatawo. A Marine Corps amakhala masabata 13 ku Parris Island kapena ku San Diego. A Navy onse amapita ku Great Lakes m'chigawo cha Illinois, a Air Force ndi Space Force amapita ku Lackland mu mzinda wa San Antonio kwa masabata 7 ndi theka, ndipo a Coast Guard amakhala masabata 8 ku Cape May.

Usiku wa tsiku lomwelo kapena m'bandakucha mudzalandira foni yaifupi kwambiri yonena kuti wafika. Musazimitse foni pogona, ndipo yankhani ngakhale nambala ili yachilendo. A Marine Corps amawerenga mawu olembedwa kale mokweza, kumbuyo kukumveka anthu akukalipa, ndipo amadula musanayankhe. Kholo losachenjezedwa limagona ndi mantha poganiza kuti mwana ali pa mavuto, pamene ndi mmene aliyense amalandiridwira. Zikatero pamakhala chete kwa masiku angapo kapena masabata, ndipo kukhala chete kumeneko kumatanthauza kuti zinthu zikuyenda, chifukwa pakachitika choopsa akuluakulu ake amaimbira anthu amene analembedwa pa fomu ija ya DD Form 93.

Adiresi yake idzabwera pa foni kapena m'kalata, ndipo muikopere ndendende monga yalembedwera, ndi manambala onse a gulu lake. Yambani kulemba makalata ngakhale adiresi isanafike, kuti ikangofika muwatumize. Lembani za zinthu wamba za pakhomo, za mng'ono wake ku sukulu, za zotsatira za mpira, za amene anafunsa za iye ku tchalitchi, ndipo ngati amamva Chichewa mulembereni m'Chichewa. Gwiritsani ntchito envulopu yoyera yopanda zokongoletsa ndipo musatumize chakudya kapena maswiti, chifukwa phukusi lotere limamuika pa maso pa aphunzitsi ake. Kalata yake yoyamba ikhoza kukhala yodandaula, yonena kuti analakwitsa ndipo akufuna kubwerera. Dziwani kuti pamene mukuiwerenga papita kale masiku angapo chiilembere, ndipo muyankhe momulimbitsa osamuuza kuti angobwerako. Koma akanena za kuvulala, kuzunzidwa kapena maganizo odzipweteka, muuzeni kuti aonane ndi dokotala kapena m'busa wa asilikali, ndipo inu muimbire recruiter kuti akuthandizeni kupeza akuluakulu a gulu lake.

Pakagwa maliro kapena matenda aakulu m'banja, uthenga umadutsa ku American Red Cross, amene amatsimikiza nkhaniyo kwa dokotala kapena kwa osunga maliro ndi kuitumiza kwa mkulu wa gulu la mwanayo. Mudzafunika dzina lake lonse, gulu lake, tsiku lobadwa kapena nambala ya Social Security, ndi adiresi ya kumene ali, choncho zilembeni pa pepala limodzi ndi kulisunga pamalo odziwika. Amene amagamula ngati mwana apatsidwe tchuthi ndi mkulu wa gulu lake, ndipo kawirikawiri amaganizira makolo, abale a bere limodzi, mkazi kapena mwamuna, ana, ndi munthu amene analera mwanayo m'malo mwa kholo. Amalume ndi azakhali, amene kwa ife ndi makolo enieni, nthawi zambiri sawerengedwa pokhapokha ngati ndiwo anamulera, ndipo ulendo wa ku Malawi pakati pa maphunziro ndi wovuta kuuloleza. Kambiranani ndi mwana asananyamuke ngati akufuna kuuzidwa msanga za maliro a kumudzi kapena ngati angakonde kudzamva atamaliza, kuti pa tsiku lovutalo musadzakhale mukumuganizira nokha.

Mwambo waukulu, wokhala ndi bandi, perete ndi yunifolomu, umabwera pa mapeto a maphunziro, ndipo magulu ambiri amakhala ndi tsiku la mabanja pafupi ndi tsiku limenelo. Tsiku lake mudzalidziwa kudzera m'kalata yochokera ku gulu lake. Pemphani tchuthi kuntchito mukangolidziwa ndipo sungitsani malo ogona msanga, chifukwa mahotela a pafupi ndi misasa amadzaza sabata iliyonse, koma gulani matikiti amene mungathe kuwasintha, popeza mwana akavulala kapena akadwala amabwezedwa ku gulu la m'mbuyo ndipo tsikulo limasuntha ndi sabata imodzi kapena kuposerapo. Ngati mukufuna kuti agogo achokere kumudzi kudzaonerera, yambani za viza mwana asananyamuke n'komwe, chifukwa masabata a maphunzirowa ndi ochepa poyerekeza ndi nthawi imene mapepala a ulendo amatenga.